ZA KUTURUKA MISSA ISANATHE, NDI ZA MASO OPENYA KU KHOMO

 Mwezi uno ndiri ndi mau olemera, ndipo ndazengereza masabata atatu ndisanagwire colembera, cifukwa mlandu umene nditi ndinene, ine ndemwe ndiri m'kati mwace. Koma Bambo Mfumu anati kwa ine, Lembani, aphunzitsi, pakuti nthenda iyi siiri ku nthambi yanu yokha.

Ku nthambi kumene ine nditumikira wansembe afikako kamodzi pa mwezi, ndipo pa dzinja, mtsinje ukadzala, tikhala ngakhale miyezi iwiri osamuona. Masabata enawo tipemphera tokha, ine ndi kuwerenga Mau a Mulungu ndi kuwamasulira monga ndikhoza. Cotero tsiku la Missa liri tsiku lalikuru kwa ife. Chalichi cidzala kufikira ana akhala pansi m'mbali mwa guwa. Koma pa zaka izi kwabuka cizolowezi cimene cinatiwawa mtima ife akuru a mpingo. Nthawi ya kulandira Ukaristia ikafika, ena akalandira sabwereranso pamalo pao. Angokhota, ulendo wa ku khomo. Ena apirira pang'ono, koma mlembi akangoimirira ndi pepala la zolengeza, iwo nyamu, mmodzi mmodzi, monga nkhuku zoturuka m'khola mbanda kuca. Pofika nthawi ya dalitso mabenci a m'mbuyo ali pululu, ndipo Bambo adalitsa matabwa. Amunawo muwapeza patsinde pa mango alikukambirana za mtengo wa feteleza. Anyamata athamangira ku mpira.

Tinakhala pansi ife akuru kuti tione cocita. Wina anati, Titseke citseko ndi mpiringidzo Missa ikayamba. Wina anati, Gurupa aime pa khomo ndi buku, alembe maina, ndipo tiwawerenge poyera. Winanso, mwa ukali wace, anati oterewa akamwalira kwaya isakaimbe pa maliro pao. Tinagwirizana za buku la maina lija. Ndipo ine, pa Tsiku la Mulungu lotsatira, ndinalalikira za Yudasi Isikariote, amene anaturuka pa Mgonero wa Ambuye usanathe, nalowa mumdima. Ndinati yense woturuka Missa isanathe aponda m'mapazi mwa Yudasi. Anthu anabvomera ndi mitu, ena nandiyamika panja kuti, Lero mwalasa, aphunzitsi. Ndipo ine ndinapita kwathu mtima uli m'malo, ndirikuyesa kuti ndamgwirira Mulungu nchito.

Pa Missa ya mwezi wotsatira oturuka anacepa ndithu. Koma ndinaona cinthu cimene sindinacione ndi kale lonse: anthu atalandira Ukaristia, m'malo mwa kuweramitsa mitu, makosi onse anapotokera ku khomo, kupenya ngati aturuka ndani. Ndipo anaturuka mai mmodzi, amene masiku onse amakhala pa benci la pafupi ndi khomo, namacoka atangolandira. Kunong'ona kunayenda m'chalichi monse ngati mphepo m'munda wa cimanga, kuti, Yudasi wanyamuka. Dzinalo linamkakamira. Ana anamuitana nalo ku citsime, akazi anzace naseka. Mwezi winawo pa benci paja panalibe munthu, ndi mwezi wotsata momwemonso. Ngakhale ku mapemphero a masabata wamba sanaonekenso.

Dzina lace sindilichula, ndipo inu a kwathu amene mumdziwa musalichule powerenga kalata iyi. Iye mwini anandilola kulemba izi pokhapo dzina libisike. Ndinapita kwao ngati wokadzudzula nkhosa yosokera. Ulendo wace ndi wa ora lathunthu ndi miyendo, ndi kuoloka dambo. Anandilandira ndi ulemu, nandiyalira mphasa pakhonde, ndipo ndisanatsegule pakamwa ndinamva kubuula m'nyumba. Anali amace, agogo ouma ziwalo mbali imodzi, osakhoza kudzuka, kapena kudzitembenuza, kapena kudzimwetsa madzi, caka cino ndi cacitatu. Mwamuna wa maiyo ali ku nchito ku Johannesburg. Alongo ace ali kutali ku cikamwini. Popita ku Missa amasiya agogowo ndi kamtsikana ka zaka 7. Anandionetsa cipsera pa mkono wa amace. Tsiku lina anakhala m'chalichi kufikira zolengeza zonse zinatha, ndipo pobwera anapeza agogo atagubudukira pa moto, kamwana kalikulira, kosadziwa cocita.

Anati kwa ine, Aphunzitsi, ine ndimati ndilandire Ambuye wanga ndi kuthamanga naye kunyumba kuno. Koma pamene munati woturuka ndiye Yudasi, ndinati mumtima mwanga, kuli bwino ndikhale wosapita konse, kusiyana ndi kumpereka Ambuye mwezi ndi mwezi. Abale, mau onse amene ndinawakonza panjira anandithera m'kamwa. Akuru anati wamva m'mimba ndiye atsegula citseko. Ife tinaona citseko cirikutseguka, koma za m'mimbazo sitinafunse. Ndipo condicititsa manyazi koposa ndi ici, cakuti agogowo ali akristu obatizidwa, ndipo zaka zitatu zonsezi panalibe mmodzi wa ife amene anauza Bambo kuti akawapatse masakramenti.

Tsono alipo ena amene powerenga izi akondwa, nati, Mwamva, aphunzitsi abweza mau ao, tiyeni tidzituruka. Iai, musabisale kumbuyo kwa mai uyu. Cipsera ca amace si cishango canu. Inu amene kwanu kulibe wodwala, amene muturuka cifukwa ca mpira, kapena msika, kapena mowa umene mwamva kuti wapsa ku mudzi wakutiwakuti, ndiri nanu mau, ndipo sindiwacepetsa.

Ndani wa inu, ataitanidwa ndi mfumu ya mudzi kukadya kwace, angameze mbamu yomariza, nasamba m'manja, nanyamuka wosatsazika? Ngakhale mwana wamng'ono adziwa kuti mlendo akadya athokoza, akhala pang'ono, atsazika, ndipo mwini nyumba amturutsa ndi kumperekeza kufikira pa mphambano. Pa bwalo la milandu palibe acoka mfumu isanagamule. Pa maliro palibe abalalika asanamve mau a mwini mbumba ndi a nyakwawa. Ulemu umenewu tinauyamwa kwa amai athu; ansembe oyamba sanacite kubwera nao. Nanga bwanji cimene ticita manyazi kumcitira nyakwawa, ticicita kwa Mfumu ya mafumu osaphethira? Ku phwando la munthu tidya nsima ya cimanga cace. Ku Missa mwini phwando adzipereka yekha, Thupi lace ndi Magazi ace. Eklezia aphunzitsa kuti Yesu akhala m'Ukaristia nthawi yonse imene maonekedwe a mkate akhalapo. Cotero iwe amene walandira tsopano apa, nuima patsinde pa mango kutsutsana za feteleza, Mlendo wako akali m'nyumba, ndipo iwe wamsiya yekha pamphasa.

Isimbidwa nkhani ya Philip Neri woyera, wansembe wa ku Roma, amene anamwalira m'caka ca 1595. Anaona munthu wozolowera kuturuka atangolandira. Tsiku lina natuma anyamata awiri otumikira ku guwa kuti amtsate ndi makandulo oyaka, wina ku dzanja lamanja, wina kumanzere. Munthuyo anadabwa, nabwerera kudzafunsa. Ndipo wansembeyo anamuuza kuti anyamatawo alikuperekeza Ambuye amene iye wawanyamula, popeza mwini wace waiwala kuwalemekeza. Ife Acewa nkhani iyi siitibvuta kumva, pakuti kuperekeza mlendo ndi mwambo wathu. Koma taonani kuti woyerayo sanamlembe munthuyo m'buku, ndipo sanampatse dzina la citonzo.

Nthenda iyi si ya lero, ndipo siinayambire kuno kwathu. M'caka ca 506 maepiskopi anasonkhana ku Agde, m'dziko limene lero lichedwa France, nalamula kuti pa Tsiku la Mulungu akristu amve Missa yonse, asaturuke wansembe asanadalitse, ndi kuti wocita mwano pa ici adzudzulidwe ndi episkopi. Wotsogolera msonkhanowo anali Caesarius woyera, episkopi wa ku Arles, amene olemba za moyo wace asimba kuti nthawi zina anatseketsa zitseko utatha kuwerengedwa Mthenga Wabwino, poona anthu alikuthawa ulaliki. Mnzathu uja wa mpiringidzo akamva ici adzati, Simukuona nanga! Koma akumbuke kuti Caesarius anali mbusa wa nkhosazo, ndi kuti msonkhano uja unapereka mphamvu ya kudzudzula kwa episkopi, osati kwa yense wokhala pa benci. Ndiponso Bambo Mfumu anakanitsitsa za mpiringidzo. Nyumba yodzala ndi anthu, ana ndi amai apakati ali momwemo, moto ukabuka kapena njuci zikalowa, adzaturukira pati?

Ena aphunzira kuwerengerana ndi Mulungu monga awerengerana ndi wogula fodya. Ati, Tinamva kwa akuru akale kuti ukapezeka pa kupereka mkate ndi vinyo, pa kusandulika kwace, ndi pa kulandira, Missa yako yakwana. Nzoona kuti aphunzitsi akale anasiyanitsa zigawo zazikuru ndi zazing'ono za Missa. Koma anatero kuti athandize wansembe pa mpando wa kulapa, ndi kutonthoza mitima ya anthu ocedwa mosafuna, osati kuti atipatse muyeso wa kummana nao Mulungu. Ndipo Msonkhano waukuru waciwiri wa ku Vatican, m'kalata yace ya za cipembedzo ca Eklezia ya pa 4 December 1963, unanena kuti cigawo ca Mau a Mulungu ndi cigawo ca Ukaristia zilumikizana kotero kuti ziri nchito imodzi ya kupembedza, nufulumiza abusa kuti aphunzitse anthu kukhala nao pa Missa yonse, makamaka pa Tsiku la Mulungu ndi pa masiku oyera olamulidwa. Msonkhano womwewo ndiwo unatsegula njira kuti timve Missa m'cinenero cathu. Makolo athu, kuyambira pamene ansembe anafika ku Nzama m'caka ca 1901 ndi ku Mua m'caka ca 1902, anaimva m'Cilatini, osazindikira mau ambiri. Sindinena kuti onse anali angelo, koma katundu wao anali wolemera. Atate wanga anandisimbira kuti pa ubwana wao wofuna kulandira amasala kuyambira pakati pa usiku, osalawa ngakhale dontho la madzi, nayenda mtunda wautali ndi njala. Papa Pius XII anayamba kufewetsa lamulo ili m'caka ca 1953, m'caka ca 1957 naliika pa maora 3. Ndipo Papa Paul VI m'caka ca 1964 analifupikitsa kufikira ora limodzi, monga liri lero. Katundu wapepuka, koma miyendo ndiyo yayamba kuyabwa.

Kodi cotsala nciani munthu atalandira, cimene mucithawa cotere? Pali kanthawi ka kukhala cete ndi kuyamika. Pali pemphero limene wansembe apempherera onse amene alandira, kuti cakudyaco cibale zipatso mwa iwo. Ndipo woturuka adzicotsa yekha pa pemphero lompempherera iye mwini. Pali dalitso m'dzina la Utatu Woyera. Ndipo potsiriza pali mau otiuza kuti tipite. Mau omarizawa musawayese acabe, pakuti dzina lomwe la Missa licokera pamenepo: m'Cilatini liu ili linena za kutumiza. Tibwera oitanidwa, ticoka otumidwa. Mnyamata amene mfumu yamuitana kuti imtume, akadya nsima nathawa asanamve uthenga, adzanena ciani kumene apitako? Zonsezi pamodzi, pakapanda zolengeza, sizifika nthawi imene mai atenga kupakula nsima ndi kuiika pamphasa. M'munda wa Getsemane Yesu anadandaula kuti Petro ndi anzace sanakhoze kucezera naye ora limodzi (Mateyo 26:40). Ife atipempha kamphindi kokha.

Koma Eklezia yemweyo amene alamula ndiye mai wathu, ndipo adziwa kuti lamulo silimanga munthu pa cimene sangathe. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa m'caka ca 1992 achula matenda ndi kulera makanda ngati zifukwa zokwanira kumasula munthu ngakhale ku Missa yonse. Ndipo aphunzitsi a Eklezia awerengera pamodzi ndi izi kudwazika wodwala amene alibe womsamala wina. Tsono ngati mai wodwazika amace sacimwa pokhala kunyumba tsiku lonse, acimwa bwanji pamene ayenda maora awiri, kupita ndi kubwera, kuti alandire Ambuye ndi kuthamangiranso kwa wodwala? Iye anacita koposa cimene lamulo limfunsa, ndipo ife tinamlipira ndi dzina la wompereka Yesu. Alipo enanso: mlonda amene nthawi ya nchito yamkwanira, namwino wa ku cipatala, wodwala nthenda ya shuga amene amva thupi lirikunjenjemera, mai amene mwana wamuipitsira nsaru, mkazi amene mwamuna wace wosapemphera amdikira ndi ndodo nsima ikacedwa. Ndipo ziripo zina zimene munthu sanganene ngakhale kwa mbale wace. Onsewa aturukira pa khomo limodzi ndi wa mpira uja, ndipo poyang'ana misana yao simungawasiyanitse.

Nditabwera ku ulendo uja ndinatsegulanso Mthenga wa Yohane, mutu 13, umene ndinaulalikira mwa ukali, ndipo ndinapeza cimene ndinacilumpha. Pamene Yudasi anaturuka, Atumwi otsalawo sanazindikire cifukwa cace. Ndipo ena a iwo, popeza iye ndiye anasunga thumba la ndalama, anayesa kuti Yesu wamtuma kukagula zofunika pa cikondwerero, kapena kukapatsa osauka kanthu. Taonani: ngakhale za Yudasi weniweniyo Atumwi anaganiza zabwino, ndipo Mthenga suwadzudzula pa ici. Amene anadziwa za mumtima mwa Yudasi anali Yesu, ndipo Iye sanaimike Petro pa khomo ndi buku. Chimo la Yudasi silinali m'miyendo yace. Linali m'ndalama 30 zasiliva zimene anapangana ndi akuru a ansembe asanakhale nkomwe pa cakudyaco. Ndipo aja amene anakhala kufikira nyimbo yomariza, monga Marko asimba pa mutu 14, anatani usiku womwewo? Atatu anagona tulo m'munda, onse anathawa, ndipo Petro anamkana katatu tambala asanalire kawiri. Kukhala kufikira kumapeto nkwabwino ndi koyenera, koma si cizindikiro cakuti munthu ali woyera.

Kulakwa kwanga kunali kulakwa kwa Eli, wansembe wa ku Silo (1 Samueli 1). Iye anakhala pa mpando pafupi ndi khomo la nyumba ya Mulungu, naona Hana milomo irikugwedera, mau osamveka, nagamula pomwepo kuti mkaziyo waledzera. Pamene iye analikutsanulira Mulungu cisoni ca kusabala kwace. Malo omwewo, pa khomo, diso lomwelo. Koma Eli ndimlemekeza pa cinthu cimodzi. Atamva yankho la Hana sanaumirire kuti asunge ulemu wa ukuru wace, koma anabweza mau, namdalitsa, ndipo mkaziyo anapita nkhope yace itamasuka. Ife tikalakwira munthu ndi lilime, timati zidzaiwalika zokha.

Ndipo inu amene makosi anu apotokera ku khomo, ndikufunsani: pamene munalikuwerenga oturuka, munayamika nthawi yanji? Inunso munalandira Ambuye yemweyo. Wa mpira uja anamsiya Mlendo ndi miyendo. Inu munamsiya ndi mtima, thupi liri pa benci. Anyani asekana zikundu. Mfarisi wa pa Luka 18 sanaturuke m'kacisi pemphero lisanathe. Anasala kudya kawiri pa sabata, napereka cakhumi ca zonse anazipeza, ndipo Ambuye sanena kuti ananama. Koma popemphera diso limodzi linali kwa Mulungu, lina kwa wamsonkho uja anaima kutali, ndipo amene anapita kwao wolungama ndi wamsonkhoyo. Katekisimu achula macimo atatu a mtundu uwu: kuweruza mnzako mumtima popanda umboni wokwanira, kuulula zolakwa zace kwa anthu osayenera kuzidziwa, ndi kumnamizira. Pa mlandu wa mai uja tinacita loyamba ndi lotsiriza, ndipo tinaphunzitsa ana athu kuwacita ku citsime. Macimo awa ngoyenera kuwanena pa kulapa monga tinena kuba. Ndipo monga wakuba mbuzi ayenera kubweza mbuzi, wakuba mbiri ya mnzace ayenera kubweza mbiriyo.

Wina adzati, Tsono tingokhala cete mpingo ulikuonongeka? Iai. Ambuye anatipatsa njira pa Mateyo 18:15, ndipo iyamba ndi anthu awiri okha, iwe ndi mbale wako, popanda wacitatu. Ndiyo njira yobvuta, cifukwa ifuna miyendo ndi kulimba mtima. Kunong'ona pa benci sikufuna kanthu. Ukaona mnzako aturuka mwezi ndi mwezi, pita kwao, ukhale pakhonde, uyambe ndi kufunsa za moyo wa pa nyumba. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ukapeza cipsera, wapeza nchito yako. Ukapeza ulesi wokha, umuuze pamaso pace, mwa cikondi ndi mosabisa. Ndipo kawirikawiri munthu wouzidwa pa yekha amva, pamene wocititsidwa manyazi pa gulu aumitsa khosi. Ndinayesa ici ndi anyamata atatu a mpira. Awiri anaseka ndi manyazi, nabvomera; wacitatu anandiyankha mau amene ndiyenera kuwalemba muno, ngakhale atiwawa ife akuru.

Anati, Aphunzitsi, ife sitithawa Yesu, tithawa zolengeza. Ndipo ndinalibe comtsutsa naco. Malangizo a m'buku la Missa alola zolengeza pambuyo pa pemphero lija lotsata kulandira, koma anena kuti zikhale zazifupi, ndiponso pokhapo ziri zofunika. Nanga ife ticita ciani? Mlembi awerenga ndalama za mphakati uli wonse, tambala ndi tambala. Wa pampando abwereza zomwezo ndi kukalipira amene sanapereke mtulo. Wa bungwe la amai aimirira, wa acinyamata aimirira, wa kumanga nyumba ya Bambo aimirira. Kenaka mbale ya copereka caciwiri iyenda, nthawi zina ndi cacitatu, ndi kuchula maina a opereka zambiri. Mai uja anandiuza tsiku limene amace anagwera pa moto, ndipo ndirikumbuka tsikulo: zolengeza zinatalika kuposa ulaliki wa Bambo, ndipo mmodzi wa oimirirawo ndinali ine. Pakati pa Ukaristia ndi dalitso tamangapo phiri, ndipo tidabwa kuti ofooka salikwera. Nanga wosauka amene alibe kanthu ka kuponya m'mbale yaciwiri, namva maina a olemera alikuchulidwa anthu ndi kuomba m'manja, akazemba ndi manyazi, mlandu ngwa yani? Yakobo woyera, pa mutu 2 wa kalata yace, anacenjeza kale za msonkhano umene ulemekeza wobvala zokongola ndi kunyazitsa waumphawi. Ndalama za mpingo nzofunika, denga silidzifolera lokha. Koma ziri ndi nthawi yace ndi malo ace.

Ndinenenso kanthu kamodzi, ndipo a kwaya asandikwiyire. Wansembe akadalitsa ndi kutiuza kuti tipite, Missa yatha. Nkwaulemu kudikira kuti Bambo ndi otumikira ayambe aturuka, ndipo nkokoma kuimba nyimbo yotsiriza pamodzi. Koma amene aturuka nyimbo iri pa ndime yacisanu sanaswe lamulo liri lonse, ndipo musamuyang'ane ndi diso lofiira.

Tsono izi ndizo tapangana ku nthambi yathu, Bambo Mfumu atabvomereza. Buku la maina lija talitentha. Ine ndemwe ndinaliponya pa moto akuru onse alikuona. Zolengeza za pa Missa adzaziwerenga mlembi yekha, zosapitirira mphindi 5. Za ndalama zidzanenedwa dalitso litaperekedwa, ndi ku miphakati. Gurupa adzaimabe pa khomo, koma nchito yace ndi kutsegulira amai a ana ndi odwala, kuti citseko cisalire. Amai a mphakati wa kutsidya kwa dambo agawana miyezi, kuti pa tsiku la Missa mmodzi akakhale ndi agogo aja. Ndipo Bambo anapitako mwezi watha, nawalapitsa, nawadzoza mafuta a odwala, nawapatsa Ukaristia, ulendo woyamba pa zaka zitatu.

Ine ndinaima pamaso pa mpingo ndi kubweza ulaliki wanga wa Yudasi, monga ndaubweza muno. Koma mai uja sanabwerebe. Anandiuza kuti ine wandikhululukira, koma miyendo yace ilemera akaganiza za kulowa pa khomo paja maso onse ali pa iye, ndi za ana a ku citsime amene sanaleke dzina lija. Sindimkakamiza. Amene munayamba kunong'ona mudzidziwa nokha, ndipo inu amene ana anu aitana dzinalo mwawamva ndi makutu anu. Njira ya kwao muidziwa. Bambo adzabweranso pa Tsiku la Mulungu laciwiri la mwezi wa mawa, mtsinje ukalola; Loweruka lace ine ndidzapitanso kutsidya. Ndidzanyamukira pa chalichi dzuwa litangoturuka, ndipo ndidzayamba ndadikira pang'ono patsinde pa mango.

Ine mnzanu mwa Kristu,
Mphunzitsi wa ku nthambi.